Simenti inauma m'chiperoni

Foni inalira Lolemba m'mamawa ndisanamwe n'komwe tiyi. Anali kasitomala wanga wakalekale wa pa Chitakale, bambo a malole awiri. "Achimwene, yagwatu. Pokhota paja musanafike pa Thyolo boma." Pa ntchito yathu ya inshuwaransi funso loyamba silisintha: alipo wavulala? Anati dalaivala wangotemeka pachipumi. Mtima unakhalako pansi, ndinathamangira minibasi.

Chiperoni chinali chitagwira kuyambira Loweruka, nkhungu yoti minda ya tiyi osaiona, kamvula kakungowaza osaleka. Lole ndinaipeza itagona cham'mbali mu ngalande. Inachoka ku Blantyre usiku ndi matumba 200 a simenti a mwini sitolo wina wa ku Mulanje, ndipo tenti inang'ambika pogwapo. Matumba ena anaphulika, ena anangonyowa usiku wonse. Ndinaponda limodzi ndi nsapato, linali litayamba kale kulimba.

Ndinajambula zonse, ndinayang'ana COF, chikalata chosonyeza kuti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu, ngati sinathe, kenako laisensi ya dalaivala. Kutsogolo ndinaona dengu, thupi linachita tsemwe. "Adalaivala, munatola matola?" Anakanda m'mutu. Anati ananyamula mayi wina pa Limbe koma anatsika pa Bvumbwe, dengu anangoliiwala. Mwayi wake. Inshuwaransi ya galimoto yonyamula katundu simuwerengera munthu amene walipira kuti akwere, ndiye mayiyo akanavulala, chipukuta misozi chikanachoka m'thumba mwa bwana. Madalaivala amazidziwa izi, koma ya kanyenya imawakoka.

Tsiku lovuta linali Lachiwiri. Bambo aja anabwera ku ofesi ndi mwini simenti, onse awiri nkhope zili gwa.

"Si munati comprehensive imateteza zonse?"

"Zonse za galimoto, bambo. Galimoto yanu, ndi anthu ena kapena katundu wa ena amene yawagunda pamsewu. Zimene yanyamula kumbuyo zili ndi inshuwaransi yakeyake, goods in transit. Ndinakuuzani mu Januwale."

"Ndinati chaka chamawa."

"Munatero."

Mwini simenti sanayankhule zambiri. Anangoti, "Ine ndikufuna matumba anga," n'kutuluka.

Nkhani yachiwiri ndiyo inandiuma pakamwa, chifukwa mlandu wina ndi wanga. Mtengo wa lole umene uli pa pepala ndi K30 miliyoni, umene tinalemba kumayambiriro kwa 2022. Chilembereni, kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Malole amabwera kuchokera kunja, masipeya chimodzimodzi, ndiye mitengo inakwera kutsatira dola. Chaka chilichonse bambowa ankati tisiye mtengo womwewo kuti premium, ndalama imene amalipira pa inshuwaransi, isakwere, ine n'kumangolemba, poopa kuti akapita kwa ajenti wina. Lachinayi assessor, katswiri woyeza mtengo wa galimoto ndi zowonongeka, wochokera ku Blantyre atayendera loleyo pa galaja, anati lero ingagulidwe pafupifupi K60 miliyoni. Tanthauzo lake, bambowa akhala akulipirira theka la galimoto yawo, ndipo kampani ilipiranso theka la zokonzetsa, n'kuchotsaponso excess, ndalama ija mwini galimoto amayamba wapereka yekha pa ngozi iliyonse.

Anakalipa, anati ndife akuba tonse. Sindinawatsutse. Ndinangowauza kuti ngati sakhutira ndi yankho la kampani, ali ndi ufulu wokadandaula kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank, komwe kumayang'anira makampani a inshuwaransi. Koma ndinawauzanso chilungamo, kuti mfundo imeneyi ili mu polisi imene anasainira, m'timalemba ting'onoting'ono tija palibe amawerenga.

Pakati pa zonsezi, Lachitatu kunabwera mnyamata amene wangogula kalole ka matani atatu, akufuna kumaolokera ku Milange kudzera pa Muloza. Anamva kwa anzake za Yellow Card ya COMESA, khadi ya inshuwaransi yoyendera ndi galimoto m'maiko ena, ndiye amafuna ndimudulire. Ndinamuuza kuti khadi imeneyo ikamuthandiza ku Zambia, ku Zimbabwe kapena ku Tanzania, koma Mozambique sili mu COMESA, akagule inshuwaransi ya kumeneko pa boda. Za kuno ndinamufunsa kuti akufuna iti. "Kotchipa kaja, akulu, ka apolisi." Ndi mmene ambiri amaitchulira third party: kapepala koonetsa pa rodibuloko. Lamulo la pamsewu limakakamiza imeneyi yokha, ndipo imalipira munthu wina amene wamupweteka, osati galimoto yako. Ndinamufotokozera kawiri. Anagwedeza mutu, n'kutenga kotchipa komweko. Sindimuweruza, ngongole ya kaloleko ikumudikira mwezi ndi mwezi.

Lachisanu lonse linathera pa mapepala. Lipoti la polisi, fomu ya claim yopemphera kampani kuti ilipire, makotesheni a galaja, zonse kutumiza ku likulu. Cha m'ma 3 koloko bambo aja analowanso, ulendo uno opanda ukali. Anakhala pampando, chipewa pabondo.

"Achimwene, inayo ija, imene yatsala. Tailembani mtengo wake weniweni. Nanga ya katunduyo imakhala zingati?"

Ndinawawerengera. Anaimba kamluzu, n'kufunsa ngati angamapereke pang'onopang'ono. Ndinati ndifunsa mabwana Lolemba. Ndi mwini simenti agwirizana kuti azimunyamulira katundu ulere mpaka ngongole ithe, ndipo poona mtengo wa dizilo, sindikuona kuti zitha chaka chino.

Loweruka ndinadutsa pamalo paja popita ku Limbe. Matumba ouma aja anali atachepa. Ena ndinawaona pakhomo lina chapafupi, atawasanja ngati masitepe okwerera pakhonde.