Kuika minda pa OpenStreetMap popanda kusokoneza mapu

Ndisanajambule munda uliwonse pa OpenStreetMap (OSM), mapu a pa intaneti omwe aliyense angathe kukonza, ndimayamba ndasankha chithunzi cha setilaiti chomwe nditsate. Mu iD, pulogalamu yojambulira mapu a OSM, ndimadina B pa kiyibodi, n'kuyerekeza zithunzi za Bing ndi za Esri World Imagery kuti ndione chooneka bwino. Za Google sindikhudza, chifukwa laisensi yake siilola, ndipo zokopera kumeneko zimafufutidwa zikadziwika. Zithunzizi zimakonda kusendera mamita angapo, choncho ndimayatsa timizere ta GPS, toonetsa momwe anthu anadutsa, tomwe ena anakweza, n'kukankha chithunzicho mpaka msewu ugonere pa timizereto. Mukadumpha apa, minda yanu ikalowa mumsewu.

Chovuta kwenikweni n'kuzindikira chomwe ukuona. Pa chithunzi cha m'chilimwe munda umaoneka ngati dothi lofiira lopanda kanthu, wosasiyana ndi tchire lopserera. Chimaulula ndi mizere. Ndikayandikitsa imaoneka ngati tsitsi lopesa, ndipo pomwe yatembenukira kwina, pamenepo payambira munda wa munthu wina. Tsala lomwe mizere yake ikuonekabe ndimaliwerenga ngati munda.

Komabe sindijambula kamunda ka banja lililonse pakokha. Malire otere amasuntha chaka ndi chaka, ndipo OSM si kaundula wa eni malo. Ndimadina 3 kuti ndiyambe kujambula chigawo, n'kuzungulira chigawo chonse chotchingidwa ndi zinthu zokhazikika, monga msewu, mtsinje, mudzi kapena phiri, kenako ndimaika tagi (mawu ofotokoza chomwe chili pamalopo) ya landuse=farmland. Chigawo chisakule mopitirira. Mzere umodzi wojambula pa mapu sungapitirire madontho 2000, koma ngakhale usanafike pamenepo, chimphona chotere chimazunza wodzakonza pambuyo.

Madontho a munda asamatirire ku mzere wa msewu. Mzerewo ukuimira pakati pa msewu, pamene munda umathera m'mphepete mwa ngalande. Mukamata, wina akadzawongola msewu munda nawo umapindika.

Manda okhala pakati pa minda, aja amaoneka ngati kachisumbu ka mitengo yowirira, ndimawajambula paokha ndi landuse=cemetery ngati ndikudziwa kuti ndi manda. Kenako ndimasankha zigawo ziwirizo n'kudina C kuti zikhale multipolygon, munda n'kubooka pakati. Dambo ndi natural=wetland, koma madimba olimidwa m'mbali mwake ndi farmland ndithu.

Tagi ya crop, yonena mtundu wa mbewu, ndiyo anthu amaithamangira. Chithunzi sichingakuuzeni kuti apa pali chimanga. Chaka chino chimanga, chaka chamawa fodya kapena mtedza, mwinanso chimanga ndi nandolo mumzere umodzi. Ine ndimaiika pokhapokha mbewu ili yokhazikika: crop=sugarcane m'minda ya nzimbe ya ku Nchalo ndi Dwangwa, crop=rice m'masikimu a mpunga ngati wa Bwanje, n'kuwonjezera irrigated=yes pomwe pali mthirira. Minda yozungulira ya ku Nchalo ndimaijambula mwachisawawa kenako n'kudina O, imabulungika yokha. Mitengo ya zipatso ndi makademiya ndi landuse=orchard. Tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje ena amamuika pa orchard, ena pa farmland ndi crop=tea; ndimatsata zomwe anzanga anayamba kale m'deralo.

Ndisanasunge ndimatsegula Issues kuona machenjezo, makamaka a mizere yopingasana. Ndimasunga ndikatha zigawo zochepa za dera limodzi, ndipo pa ndemanga ndimalemba zomwe ndachita ndi malo ake, monga "minda kumpoto kwa Dedza, chithunzi cha Esri".