Kuchokera ku Senga Bay mpaka ku Nkhotakota: kulondola mchenga wa m'gombe

Ulendo uwu ndi wabwino pakati pa Meyi ndi Ogasiti, mwera uli pachimake, chifukwa ndi pamene mchenga umaoneka ukuyenda. Yambirani ku Senga Bay m'mawa, mutenge maginito ndi kabotolo.

Imani pamene mafunde akuswekera. Mwera umachokera kummwera, choncho funde silifika pagombe molunjika: limakwera chopingasa litanyamula mchenga, koma pobwerera limatsika molunjika potsata kutsetsereka kwa gombe. Kambewu kalikonse ka mchenga kamasunthira pang'ono kumpoto, funde lina n'kukatolanso. Ponyani kamtengo m'madzi ofika m'mawondo muone kumene kalowere. Yang'ananinso thanthwe kapena khoma lililonse lolowa m'nyanja. Mbali ya kummwera mchenga umaunjikana, ya kumpoto imakumbika. Apa ndi pamene eni malo ogona alendo ena amalakwitsa: amamanga khoma kuti asunge gombe lawo, mnansi wa kumpoto n'kutsala ndi mizu ya mitengo pamtunda.

Mchengawu umabwera ndi mitsinje monga Linthipe, umene umathira m'nyanja moyang'anana ndi zilumba za Maleri. Nthawi ya dzinja madzi apo amafiira. Matope, poti ndi opepuka, amapita kutali kukadikha kwakuya, mchenga umatsala m'mphepete. Tapani wodzaza dzanja. Woyera wonyezimirawo ndi quartz, mwala wolimba wosafumbutuka msanga. Mizere yakuda imene funde limasiya ndi mchenga wolemera wokhala ndi chitsulo. Uumitseni, mudutsitsepo maginito, wina ukakamira. Wa mtundu umenewu ulipo wambiri cha ku Chipoka ndi ku Makanjira.

Matanthwe obulungira a kumapiri a Senga ndi a m'gulu la granite, ngati a ku Cape Maclear. Si mafunde okha anawasalaza. Madzi amalowa m'ming'alu, ngodya zimayamba kudyeka, mwala n'kumasupuka ngati anyezi. Nsomba za mbuna zimakhala m'mipata ya matanthwe a m'madzi, ndipo ndere zimaterera, musapondepo chothamanga.

Mukalowa msewu wa M5 kulowera kumpoto, imani pa mlatho wa Chia musanafike ku Nkhotakota. Kumanzere kuli thamanda lalikulu lotsekedwa ndi mtunda wa mchenga, lolumikizana ndi nyanja kudzera pa kamtsinje kamodzi kamene mwaimapo. Ku Nkhotakota kwenikweni kuli Sungu, lilime la mchenga limene limatchinga doko ku mwera.

Amene akufuna malo m'mbali mwa nyanja asapime gombe mu Novembala, madzi ataphwera. Chaka chilichonse nyanja imakwera n'kutsika pafupifupi mita imodzi, ndipo mu 2024 inapyola mamita 476 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, n'kulowa m'nyumba zambiri. Funani mzere wa zinyalala zakale ndi bango louma kumtunda, mufunsenso asodzi achikulire pamene ankakocheza mabwato chaka chimenecho.