Mlalang'amba Umene Unandiumitsa Khosi

Mu 1926 katswiri wa zakuthambo Edwin Hubble anagawa milalang'amba, yomwe ndi miunjimiunji ya nyenyezi zambirimbiri, m'magulu potengera maonekedwe ake, ndipo yokhala ndi mikono yozungulira anaipatsa zilembo Sa, Sb ndi Sc. Ya Sa ili ndi phata lalikulu ndi mikono yokulungika mothinana, pamene ya Sc phata lake n'laling'ono ndipo mikono yake ndi yotambasuka. Imene ili ndi mzere wa nyenyezi wopingasa pakati imalembedwa SB. Zimenezi ndinaziloweza bwinobwino, moti ntchito yofufuza zakuthambo yotchedwa Galaxy Zoo itayamba mu 2007 n'kupempha anthu wamba kuti athandize kusanja zithunzi za milalang'amba pa intaneti, ndinadzipereka ndili ndi matama a katswiri.

Funso limene linandisautsa linali lakuti mikonoyo ikukhotera kumene mivi ya wotchi imalowera kapena kwina. Pa mlalang'amba wooneka bwino ngati M51, umene katswiri wina wa zakuthambo, Lord Rosse, anaona kuzungulira kwake mu 1845, yankho silivuta, koma zithunzi zambiri zinali timadontho tachimbuuzi. Choncho ndinayamba kupendeketsa mutu kuti nditsate mkono uliwonse kuchokera paphata mpaka kunsonga, ndipo usiku wina, ndikulondola mkono wa kamlalang'amba kena kamakani, khosi linalira kuti "khwe" n'kuumira pomwepo, khutu litatsamira paphewa.

Kutacha ndinapita kuchipatala ndikuona dziko lonse chammbali. Adokotala anandifunsa kuti, "Bambo, mwagwa kapena mwamenyedwa?" Nditayankha kuti wandipweteka ndi mlalang'amba, anayamba ayang'ana kaye m'maso mwanga ndi tochi, kenako anafunsa mayi a kunyumba ngati ndakhala ndikulankhula zachilendo masiku apitawa. Iwo, m'malo monditeteza, anavomera ndi mtima wonse.

Nditafotokoza nkhani yonse, adokotalawo anajambula mzere wozungulira papepala, n'kulitembenuza pang'onopang'ono patebulo mpaka linazondoka, ndipo mzerewo unkakhoterabe mbali yomweyo. "Mwaona, bambo? Kaya mupendeketse mutu, kaya muimirire chadodolido, mbali siisintha. Chimene chingaisinthe ndi galasi loonera nkhope basi, kapena mukaime kuseri kwa mlalang'ambawo." Atatero anandilembera mankhwala opaka, nandiveka chomangira khosi, ndipo ndikutuluka ndinawamva akuitana anamwino kuti abwere adzamve za wodwala amene wavulazidwa ndi nyenyezi.