Zikomo nonse amene munabwera kudzalira nafe

Abale ndi alongo, anansi athu a ku Kapata kuno ku Chipata, a kumudzi ndi inu nonse a pa Facebook pano, ndikulemba m'malo mwa amama, atsibweni ndi banja lonse. Mlongo wanga, mzime wa m'nyumba mwathu, amene anali woyendetsa ndege ku ZAF, gulu la asilikali a ndege la Zambia, tinamuika m'manda Loweruka lapitali kumudzi njira ya ku Chadiza. Anali ndi zaka 27 chabe. Mafoni ambiri sitinayankhe, mameseji ali mbwee mpaka lero, ndiye ndati ndithokozere pano kuti aliyense amve.

Poyamba ndiwongole nkhani imodzi kamba koti yatipweteka. M'magulupu a WhatsApp munayenda mawu oti wagwa ndi ndege. Ayi, sizinali choncho. Anadwala masiku owerengeka, mutu ndi kutentha thupi, anzake anathamanga naye kuchipatala ku Lusaka, madokotala ndi manesi anayesetsa ndipo tikuwathokoza, koma Mulungu anamutenga. Amene munatumizirana zija chonde fufutani, zinafika m'makutu mwa amama ndipo usiku umenewo sanagone.

Aphunzitsi amene munkayang'anira makadeti kusekondale kwake, munabwera ndi ndodo yanu yoyendera ngakhale miyendo ikuvuta, sindidziwa ndikuthokozeni bwanji. Ndinu munayamba zonsezi. Mwana uja analowa makadeti ali Giredi 8, wowonda, yunifomu yochita kupinda m'manja ndi m'miyendo, koma nsapato zake ankakhala nazo pakhonde madzulo onse ndi Kiwi, kansalu ndi timadzi mu chivindikiro mpaka uzidziona nkhope. Pa 12 March tsiku la achinyamata ndi pa 24 October tsiku la ufulu sitinkagona, tambala asanalire iye wayamba kale kusita. Ife tinkayesa ndi zachibwana zoti zidzatha, inu munamuuza kuti kuguba kokha sikukwezetsa munthu ndege, afunika masamu, sayansi ndi Chingerezi, ndipo munkamutsalira m'kalasi anzake ataweruka osalandira ngakhale ngwee.

Amama poyamba anakaniratu za ZAF. Iwo akamva ndege ya asilikali maganizo amapita ku 1993, ija inagwera m'nyanja ku Gabon pa 27 April ndi anthu 30. Tonse timakumbuka osewera mpira 18 aja a timu ya dziko lathu, koma mu ndege muja munalinso asilikali 5 a ZAF amene ankaiyendetsa, nawonso anali ana a anthu, ndipo ine ndimaona kuti sitiwatchula mokwanira. Atsibweni ndi amene anakhala pansi ndi mlongo wawo kuwauza kuti mwana mulekeni, mtima wake uli kumeneko. Anapita ku Academy ku Livingstone, makilomita opitirira 1,000 kuchoka kuno, miyezi yoyamba foni kulibe, ndipo tsiku la pasi auti, lomaliza maphunziro a usilikali, amama omwe aja ankakana ndi amene analulutira kuposa aliyense pabwalo. Kenako kuuluka, anayambira ka SF-260 ka ku Italy kokhala ndi chopukusa kutsogolo, pambuyo pake K-8 ya ku China ya mipando iwiri. Akabwera pa livu ana a pa layini yathu ankamuunjirira, iye osatopa kuwafotokozera ndi manja mmene ndege imakhotera.

Akuluakulu a ZAF, zikomo. Bokosi, motoka, matenti, chakudya, zonse munasenza ndinu, ndipo ofisala amene munamutuma kudzakhala nafe sanatisiye kuyambira ku mochale mpaka kumanda. Koma mundilole ndikhalitse pa anyamata ndi atsikana a inteki yake, amene analowa naye limodzi usilikali. Inu ana inu. Munaperekeza mnzanu Great East Road yonse, kuwoloka mlatho wa Luangwa, Nyimba, Petauke, Sinda, Katete, makilomita oposa 500, kufika kumudzi usiku fumbi lokhalokha, tinakukonzerani pogona mtauni koma munakana, munakhala pamoto panja pamodzi ndi azibambo mpaka kucha, mamawa ndinakuonani mwanyamula zigubu kupita ku borehole ngati ana a pamudzi pomwepo. Aliyense wa inu akafika pa amama ankagwada nkumati amama, osati madamu. Nkhani zomwe munatiuza usiku uja, zoti ankagawa chakudya chake kwa mnzake wodwala pa treningi, zoti ndiye ankayambitsa nyimbo anthu akatopa pothamanga, ife sitinkazidziwa, kunyumba sankadzitama.

Panali kukokana pang'ono pa za yemwe anyamule maliro, poti kwathu imeneyo ndi ntchito ya adzukulu ndipo asilikali nawo ali ndi mwambo wawo. Amfumu, zikomo kamba ka nzeru zanu, munaweruza mosachedwa kuti asilikali anyamule kuchoka pasiwa kufika kumanda, kutsitsa ndi kukwirira achite adzukulu, ndipo aliyense anakhutira. Adzukulu inu nthaka inali gwa chilimwe chino koma simunadandaule. Ndithokozenso sajeni wina, dzina sindinafunse, amene mfuti zisanalire anapita pomwe panakhala azimayi, nagwada pafupi ndi ambuya nkuwauza m'Chinyanja chosweka kuti musaope agogo, tiombera m'mwamba katatu, ndi ulemu wa mdzukulu wanu. Ambuya anagwira dzanja lake mpaka lipenga litatha. Mbendera ija ya nkhwazi itachotsedwa pabokosi anaipinda bwinobwino nkuipereka kwa amama pamodzi ndi chisoti chake, ndipo mnzake wogona naye chipinda chimodzi anandipatsa buku lomwe ankalembamo maulendo ake a m'mwamba, tsiku, ndege, maola, zonse m'kalembedwe kake kaja kang'onong'ono. Masamba osalemba atsala ambiri kuposa olemba, sindinathe kulitsegula kawiri.

Makadeti a sukulu yake, munaima padzuwa osasuntha, ena a inu simunamuonepo nkomwe. Wina wamng'ono anakomoka, ndamva kuti ali bwino. Makolo awo zikomo powalola, ndipo ngati mwana wanu akuti afuna usilikali wa ndege musamuopseze ndi maliro athuwa, mlongo wanga zaka zochepa zomwe anauluka anali wosangalala kuposa nthawi ina iliyonse yomwe ndinamudziwa.

Abusa ndi akulu a mpingo wa Reformed Church in Zambia (RCZ), amayi a Chigwirizano amene munaimba usiku wonse mawu mpaka kusasa, akwaya, azimayi amene munali ku mapoto utsi uli m'maso, amene munabweretsa ufa, nkhuni, kabichi, nyemba, mbuzi, amene munatumiza chipepeso pa Airtel Money ndi MoMo kuchokera ku Lusaka, ku Copperbelt, ku Lundazi ndi abale a ku Mchinji amene munawolokera pa Mwami, zonse zinalembedwa m'buku ndipo atsibweni anaziwerenga pamaso pa banja. Anyamata a njinga ndi a njinga zamoto a pa siteji yathu munanyamula anthu osawalipiritsa, ndinaona. Akuluakulu amati maliro nkulirana, ife tinaziona ndi maso. Amene sindinakutchuleni musakhumudwe, mutu sunabwerere m'malo.

Amama abwerako kumudzi, ali ku Kapata, BP ikukwerakwera koma akudya pang'ono. Amene muli pafupi muzidutsako, masana nyumba imakhala zii ndipo ndi nthawi yomwe amalira kwambiri. Za mwala wa pamanda tidzakudziwitsani banja likakhala pansi mvula ikatha. Komanso kunyumba kwatsala mapoto akulu awiri, mabeseni ndi mipando ya pulasitiki yopanda dzina, eni ake bwerani mudzatenge kapena ndiuzeni ku inbox tidzakubweretsereni.