Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Kolona wa mfundo ndi njere za masau

Ndikuthokoza nonse amene mwakhala mukundikumbutsa kuti gawo lapitalo ndinakusiyani m'malere, titangofika pa msasa wa ku Bangula, madzi osefukira a mu Januwale 2015 atatisamutsa ku Makhanga. Ena mwafunsa ngati kolona amene mdzukulu wanga anavala pa chithunzi chija ndinapanga ndekha. Ndinapangadi ndekha, ndipo luso limeneli ndinalitola pa msasa womwewo, choncho ndikamayankha funso lanu ndikhala ndikupitirizanso mbiri yanga.

Mukukumbukira kuti usiku umene mtsinje wa Ruo unalowa m'mudzi tinatuluka ndi zovala za m'thupi zokha. Pa zonse zimene zinapita, mayi anga sanadandaulepo za mbuzi kapena za chimanga, koma kolona wawo wakuda, amene anawapatsa wansembe wa chipani cha Montfort pa tsiku la ukwati wawo, anatsala pa msomali kuchipinda. Madzulo aliwonse, anthu akamakanganirana malo ogona mu tenti, iwo ankakhala pakona nayamba kuwerenga Tikuoneni Maria pa zala. Zala zawozo zinali zitapindika ndi nyamakazi, ndipo akafika pakati ankasokonezeka, n'kubwerera poyamba. Ankandigwira mkono n'kundifunsa kuti, "Mwana wanga, ndafika pati?" Ine ndinkangotchula nambala iliyonse kuti mtima wawo ukhale pansi, koma iwo ankadziwa kuti ndikuwanamiza. Tsiku lina anasiyira panjira, nafunda chitenje kumutu, ndipo ndinamva akulira motsitsa mawu kuti ana asadzuke. Mayi amene anaika m'manda amuna awo ndi ana awiri osagwetsa msozi pagulu, ankalira chifukwa cholephera kufika pa khumi. Mpaka lero ndikamalemba zimenezi ndimayamba ndaima kaye.

Pa msasapo panali mkulu wina, msodzi wa ku dambo la Elephant Marsh, amene ankakhala tsiku lonse akusoka ukonde umene anapulumuka nawo. Sanali wa mpingo wathu. Nditamufotokozera vuto langa, anadula ulusi wautali wa nayiloni nati, "Mayi, khalani apa, mfundo sizifuna sukulu." Anandionetsa kukulunga ulusi katatu pa chala, kulowetsa nsonga m'kati mwa mikombero ija, kenako kukoka pang'onopang'ono uku ukukankha ndi chikhadabo kuti mfundo ikhale pamene ukuifuna. Ukakoka mwaphuma, mikombero imakwerana ndipo mfundo imatuluka yopotoka, yosamasulika.

Kuwerenga kunali kwa ine. Kolona amakhala ndi mikanda 59: ing'onoing'ono 53 ya Tikuoneni Maria ndi ikuluikulu 6 ya Atate Athu. Kuchokera pa mtanda pamabwera waukulu umodzi, ing'onoing'ono itatu, waukulu winanso, kenako polumikizira, ndipo mkombero wonse uli ndi magulu asanu a mikanda khumikhumi olekanitsidwa ndi ikuluikulu inayi. Mfundo za Atate Athu ndinkazikulunga kasanu, ndi kusiya mpata wokulirapo mbali zonse, kuti chala cha munthu wokalamba chizindikire chokha ngakhale mu mdima. Mfundo zimadya ulusi kwambiri, moti umene ukuoneka ngati ukwanira makolona awiri umathera pa mmodzi. Mtanda ndinaupanga ndi timitengo tiwiri tomanga pakati, ndipo nsonga za ulusi ndinaziwotcha ndi machesi kuti zisayoyoke.

Bambo mfumu atabwera kudzachita Misa pa msasa, ndinapita nawo kolonayo ndili ndi manyazi, nditamubisa m'dzanja. Anamutembenuza, nawerenga mfundo zonse ndi chala, ndipo anamudalitsa monga amadalitsira wina aliyense. Mayi atamulandira sanathokoze, anangoyamba pomwepo Ndimvera Mulungu. Linali Lachinayi, ndipo iwo ananena zinsinsi zokondweretsa (zinsinsi ndi zochitika za moyo wa Yesu ndi Maria zimene timasinkhasinkha ponena kolona) monga anazolowera kuyambira utsikana wawo. Papa Yohane Paulo Wachiwiri anawonjezera zinsinsi za kuwala mu 2002 n'kuziika pa Lachinayi, zonse pamodzi n'kukwana 20, koma mayi ankati iwo anakalambira pa 15 zakale zija, ndipo palibe katekisiti amene anatha kuwasuntha.

Anamwalira m'nyengo yozizira ya chaka chomwecho, tisanamange n'komwe nyumba yeniyeni. Sabata yomaliza sankalankhula, koma chala chawo chachikulu chinkayendabe pa mfundozo, ndipo nayiloni woyera uja anali atada ndi thukuta ndi utsi. Powasambitsa, azakhali anafuna kumuchotsa kuti aikepo wa pulasitiki wonyezimira amene anabwera naye kuchokera ku Blantyre, ati kuti anthu asatiseke. Ndinakana pamaso pa anamfedwa onse, ndipo ndi nthawi yokhayo imene ndinawayankha azakhali mokweza mawu. Ena mwa abale amene mukuwerenga pano munandiweruza kuti ndinachita mwano pamaliro. Ndinaona kuti si bwino kuwalanda mayi, atagona, chinthu chimene anachigwira mpaka mpweya womaliza.

Zaka zotsatira zinapita ndi kulima, kusamuka ndi kumanganso. M'menemo ndinayamba kugwiritsa ntchito njere za masau, amene kuno kuchigwa amapezeka mbwee nyengo yake ikakwana. Njerezo ndimaziviika m'madzi, ndimazikwecha ndi mchenga mpaka mnofu wonse utachoka, kenako ndimaziyanika pamthunzi. Ndimapala nsonga zonse ziwiri pa mwala, ndipo ndimaboola ndi sipoko ya njinga yonola bwino. Zambiri zimasweka, choncho muyenera kutola zochuluka kuposa zimene mukufuna. Pa Atate Athu ndimaika njere za malambe, chifukwa maonekedwe ake ndi osiyana ndipo dzanja silisokonezeka. Pakati pa njere iliyonse ndimamanga kamfundo, kuti ulusi ukaduka zisamwazike zonse. Mtanda ndimasema ku tsanya, ndipo pomaliza ndimapaka timafuta tophikira pang'ono. Amene munalemba kuti mukufuna kuyesa ndi tinjere tofiira tija tokhala ndi kadontho kakuda, chonde lekani: tili ndi poizoni woopsa, makamaka tikabooledwa, ndipo ana amaika chilichonse m'kamwa.

Tsopano ndiyankhe mayi wina wa mu mphakati wathu, amene dzina lake sinditchula ngakhale akudzidziwa. Iyeyu anayenda nyumba ndi nyumba kunena kuti makolona anga ndi zithumwa, kuti kolona weniweni ndi wogula ku sitolo ya mpingo, komanso kuti ndikuchita malonda ndi zinthu zoyera. Mayi inu, mikanda ya m'sitolo ija imapangidwanso ndi manja a anthu kapena ndi makina, ndipo imasanduka chinthu chodalitsidwa wansembe akaidalitsa, chimodzimodzi njere zangazi. Za malondazo, ndikudziwa bwino lomwe kuti chinthu chodalitsidwa sichigulitsidwa. Amene ali nayo ndalama amandipatsa ya ulusi ndi ya thukuta langa kolona asanadalitsidwe, kenako amapita naye yekha kwa bambo mfumu. Okalamba, odwala ndi ana olandira Ukaristia woyamba sindiwalipiritsa, ndipo mwana wanu yemwe ali m'gulu limenelo.

Namondwe Freddy atadutsa mu Malichi 2023, amayi a bungwe la mu mpingo la Lejio ya Maria anandipempha kuti ndiphunzitse atsikana kumanga mfundo, popeza mabanja ambiri anali atatayanso makolona awo. Ena mwa atsikanawo tsopano amandiposa liwiro. Amene mukufuna makolona a mwezi wa Okutobala mundiuze msanga, chifukwa maso anga sakundilolanso kuboola njere dzuwa likapendeka. Gawo lotsatira ndidzafotokoza za mlandu wa dimba lija ndi alamu anga, umene ambiri mwakhala mukuufunsa.