Dzina la Saladi ndinalipeza chonchi

Popeza chithunzi chija chondionetsa nditavala jumbo kumutu chafika kale mpaka pagulu la WhatsApp la anthu amene tinaphunzira nawo ku sekondale, ndipo ena mwayamba kundiyankha foni kuti "Halo a Saladi", ndi bwino nkhaniyi muimve kwa mwini wake. Jumbo ija sinali yogulira chipisi ngati mmene ena akufalitsira. Inali yatsopano, ndinagula ndi ndalama zanga. Amene anandijambula ndikumudziwa, ndipo wilibala yanga asadzabwerekenso.

Mayi a kunyumba anali atapita ku Limbe kukaoda nsalu za ukwati wa mng'ono wawo. Lachinayi masana mwana wathu wachisamba, wa Sitandade 3 uja, anabwera ndi kakalata ka aphunzitsi koti nsabwe zabuka m'kalasi, makolo aone mitu ya ana. Ndinamukhazika pakhonde, n'kupatula tsitsi kuseri kwa khutu. Abale anga, munali tauni. Zina zikupita kuntchito, zina zikuweruka, ina yaikulu ngati njere ya chitowe inaima n'kundiyang'ana ngati ndabwera kudzatolera lendi. Timazira tili mbuu, titamatirira patsinde la tsitsi.

Kwathu kumudzi mlandu wotere unkatha ndi lumo. Mpala basi, nkhani yatha. Koma mwanayu anali m'gulu la operekeza akwati Loweruka lomwelo, ndipo tsitsi lakelo mayi ake analisunga chaka chathunthu kuti adzalukidwe. Ndikanalimeta, ku tchalitchi kukanamangidwa banja limodzi, kuno ku Area 25 lina n'kutha.

Kuwaimbira foni mayiwo sindinafune. Pochoka anandifunsa katatu konse ngati ndikwanitsa kusamala ana awiri masiku atatu, ndipo ine ndinayankha mokweza kwambiri. Ndiye ndinangofunsa pagulu la aneba kuti "mnzanga wina" ali ndi vuto.

Woyamba anati parafini. Wachiwiri anati mankhwala aja timathira m'chimanga kuopa anankafumbwe. Pamenepa ndikufuna amene mukusekanu mumve bwino: ndinakana zonse ziwiri. Parafini amawotcha khungu, komanso pakhomo pophikira mbaula mwana wodzola parafini kumutu ndi koloboyi woyenda. Mankhwala a chimangawo ndi poizoni, munthu wamkulu yemwe amadwala nawo. Ine ndinasankha zachilengedwe, ngati bambo wophunzira.

Vuto linali loti zachilengedwezo zinabwera zambiri. Wina anati mafuta ophikira amazibanikitsa. Wina anati mayonezi ndiye amagwira bwino chifukwa ndi wolimba. Mayi wina anati viniga amasungunula guluu wa mazira. Kunabwera adyo, mandimu, masamba a nimu osinja. Munthu wanzeru akanasankha chimodzi. Ine ndinakumbukira kuti akuluakulu anati chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndiye ndinaphatikiza zonse m'beseni lotsukira mbale.

Lachisanu 7 koloko m'mawa ndinamupaka mwana, n'kumuvindikira jumbo. Mzime wathu wa zaka 4, amene mutu wake ndi wometa psiti moti nsabwe ingaterereke n'kuthyoka mwendo, anayamba kulira kuti nayenso akufuna. Ndinamupaka. Kenako ine mutu unayamba kundiyabwa.

Amene mumandidziwa mukudziwa kuti ndili ndi dazi. Tsitsi linatsalira m'mbali mokha ngati mpanda wa udzu wozungulira bwalo. Koma tayesani kuona nsabwe ndi maso anu mukhale osadzikanda. Ndinamva zikuyenda m'khosi, m'ndevu, ngakhale pa dazi penipeni. M'beseni munatsala zambiri, ndipo ndi mmene mafuta akwerera mtengo, kutaya kukanakhala tchimo. Ndinadzimata mutu wonse ndi ndevu zomwe, n'kuvala jumbo yabuluu, zogwirira zake n'kumanga pansi pa chibwano kuti isagwe. Inde, inali ya mtundu wopyapyala uja boma linaletsa mu 2015. Mlandu umenewo ndikuuvomera.

Pagulu paja anati tikhale nazo maola 8. Podikirapo ndinachapa mabulangete onse, mapilo, makatani, yunifolomu, mpaka chidole cha nsalu. Madzi a m'mgolo anatha. Pofika 1 koloko dzuwa la Okutobala linali litaphika zinthu zija m'kati mwa jumbo, viniga akutsikira m'maso, ana akulira. Ndinati basi, maola 6 akwana. Kutsegula mpopi, unangoti fwee, n'kutsokomola kawiri, n'kukhala chete.

Munatsala ndowa imodzi ya madzi akumwa. Ndinasambitsa ana. Izi pachithunzi paja sizikuoneka, ndipo palibe amene akuzitchula.

Ndikufunafuna chigubu choti ndikatungire kumjigo, ndinangomva, "Odi kuno!"

Apongozi. Pambuyo pawo atsibweni a mayi a kunyumba, amenenso ndi ankhoswe a banja lathu, atanyamula thumba la mbatatesi. Timawayembekezera usiku, koma anapeza galimoto yam'mawa pa Lizulu. Kothawira kunalibe, chifukwa ndinali pakati pa bwalo, kabudula wa mpira, chigubu m'manja, ndevu zili yeretu.

Ndinawatulutsira mipando ndi mkeka. Ine ndinakanjuta chapatali monga mkamwini wolangizidwa. Ndiye anthu a ku Ntcheu moni safulumira naye.

"Muli bwanji, bambo?"

"Ndili bwino, kaya inu amalume?"

"Ife tilipo. Nanga ana?"

Anawo anayankhidwa mmodzimmodzi. Apongozi nawo anayamba moni wawo kuchokera pachiyambi, maso ali pansi. Palibe anatchula jumbo. Ulemu wa anthu amenewa ndi woopsa.

Atsibweni atayamba malonje, ndinamva dontho loyamba likutuluka m'jumbo pamwamba pa mphumi. Silinathamange. Linatsika pang'onopang'ono ngati minibasi yodzaza pa chitunda, n'kuima kaye pakati pa nsidze kudikira anzake. Atsibweni anali akadali pa Lizulu, akufotokoza mtengo wa kabichi. Dontho linakwera pamphuno. Atsibweni anafika pa Dedza, pamene kondakitala anakangana ndi mayi wina za chenji. Dontho linafika kunsonga kwa mphuno n'kulendewera. Linali ndi kachidutswa ka tsamba la nimu m'kati, ndinkakaona bwinobwino ndi maso onse awiri. Kupukuta sindikanatha, manja anali pamodzi ndikuwomba pang'onopang'ono kuvomera "eya, eya". Kupukusa mutu sindikanatha, akanati ndikutsutsa ankhoswe. Ndinayesa kuliuzira m'mwamba ndi mlomo wam'munsi, linangogwedezeka n'kunenepa. Ntchentche ziwiri zinatera pa jumbo, ndipo jumbo yopyapyala ntchentche ikamayendapo imamveka ngati munthu akuyenda padenga la malata. Atsibweni anafika pa Nathenje. Dontho linagwa pa bondo langa, tho! Tonse atatu tinaliyang'ana. Atsibweni anameza mate n'kupitiriza ulendo wa ku Lilongwe.

Nthawi yomweyo galu wathu, amene chibadwire sanandikondepo, anabwera kumbuyo n'kuyamba kundinyambita m'khosi mwachikondi chachikulu. Mapewa a apongozi anayamba kugwedezeka. Anakoka mpango n'kuphimba kukamwa ngati akutsokomola.

Malonje atatha kunakhala bata. Kenako atsibweni ananunkhiza m'mwamba n'kunena kuti, "Kapena takupezani mukudya, bambo? Pitirizani, ife tadya kale."

Apongozi, maso ali pa mkeka, anafunsa motsitsa mawu, "Kodi bambo, ndi za kumpingo kwanu zimenezi?"

Ndisanapeze yankho, mzime uja anatuluka m'nyumba akuthamanga. "Agogo! Agogo! Adadi ali ndi nsabwe!"

Za kumjigo mukuzidziwa kale. Chipewa ndinavala pamwamba pa jumbo poganiza kuti chibisa, osadziwa kuti ndikuwonjezera. Amayi a pamzere anandipatsa mpata kuti nditunge msanga, ndipo sindikukhulupirira kuti chinali chifundo.

Pobwerako ndinapeza apongozi akhazika mdzukulu wawo pakati pa miyendo, chipeso cha mano othinana m'manja, chitenje choyera pamapewa a mwana. Nsabwe zimene ndinaziphikira maola 6 zija zinali kugwera pa chitenjepo zili moyo, zonyezimira, ngati zangochokera ku saluni. Apongozi ankangoziika pakati pa zikhadabo za zala zazikulu, thi, thi, thi, osanena kanthu. Phokoso lililonse linkandilasa mumtima.

Madzulo kunabwera msuweni wa mayi a kunyumba, amene ndi namwino, ndipo atamaliza kuseka anandiphunzitsa ngati mwana wa Sitandade 1. Nsabwe imapumira m'timabowo ta m'mbali mwa thupi lake, ndipo ikaona zovuta imatitseka n'kungoti zii kwa maola angapo ngati yafa, kenako n'kudzuka. Mafuta angathandize kuti chipeso chiziyenda bwino ndi kuti nsabwe zisathamange, koma kupha zonse ayi. Viniga wanga uja guluu wa mazira sanamuchite kanthu. Mazirawo amaswa pakatha masiku 7 mpaka 10, ndiye ukapha zazikulu lero, sabata yamawa ana awo alowa m'nyumba. Chofunika ndi kunyowetsa tsitsi, kupaka kondishona wambiri, n'kupesa pang'onopang'ono kuchokera pakhungu mpaka kunsonga, tsiku loyamba, la 5, la 9 ndi la 13, kuti zongoswa kumene uzigwire zisanayambe kuikira. Zikakanika, kufamase kuli mankhwala ake opaka monga permethrin.

Anawonjezeranso kuti nsabwe sizidumpha, siziuluka, zimangoyenda kuchoka pamutu kupita pamutu ana akagundanitsa mitu posewera, ndipo sizisankha waukhondo kapena wauve. Zikachoka pamutu wa munthu zimafa pa tsiku limodzi kapena awiri. Kutanthauza kuti makatani aja ndinawachapa pachabe, ndipo madzi amene akanandipulumutsa ndinathera pa chidole. Ndinafunsa za galu. Anati za munthu sizikhala pa galu, iyeyo wangopindula chakudya chamasana.

Komabe ndikufuna zilembedwe kuti pa zonse zimene ndinasakaniza, mafuta aja namwino sanawatsutse kwenikweni. Anati "angathandize". Ndinamva ndi makutu anga.

Mayi a kunyumba anafika 9 koloko usiku. Nkhani inali itawapeza kale basi ili pa Balaka. Sanandipatse moni. Anandikhazika pa mpando, n'kuyatsa tochi ya foni, n'kuyendera mpanda wanga wa udzu uja kuchokera khutu ili mpaka khutu linalo, ndevu zomwe.

"Bambo, mulibemo ngakhale imodzi."

"Ndiye kuti mankhwala agwira," ndinatero.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako analowa kukhitchini, ndipo ndinamva akukweza botolo la mafuta ophikira n'kuligwedeza. Mayonezi uja, ndinamva pambuyo pake, anali wa saladi wa kuukwati, anangosungitsa mufiriji mwathu.

Ku ukwati mwana anaperekeza bwinobwino, atamanga tsitsi kumbuyo ndi riboni, kuluka kunadikira kaye. Ine pa perekaniperekani ndinavina patali ndi anthu chifukwa adyo anali asanachoke m'ndevu. Atsibweni akandiona ankangogwedeza mutu mwaulemu n'kuyang'ana kumbali.

Lero ndi tsiku la 9, tapesanso, tapezamo ziwiri zazing'ono. Beseni lija likununkhabe. Amene akufuna kuligula andipeze ku inbox.