Sabata yachisanu: mawaya, mapepala ndi juzi ya amayi

Lero ndakwanitsa masabata asanu chiyambire kuchepetsa katundu m'nyumba muno. Zovala ndinathana nazo, mabuku nawonso, ndipo sabata ino inali ya mapepala ndi tizinthu tija timangoponya mudilowa posadziwa kotiika.

Ndikutsatira njira ya Marie Kondo wa ku Japan, yoti usayende chipinda ndi chipinda koma utenge mtundu umodzi wa katundu nyumba yonse: zovala, kenako mabuku, mapepala, zinthu zina zosakanikirana, ndipo zokumbukira anthu zikhale pomalizira. Ubwino wake ndauona Lachiwiri. Nditakhuthula madilowa onse pamphasa, ndinapeza masizasi anayi, chonsecho mwezi watha ndinagula ina poganiza kuti tilibe. Mawaya otchajira foni analipo 11, atapiringizana ngati mizu, ambiri mwa iwo a mafoni amene anafa kalekale. Ndasunga atatu.

Chinandidabwitsa n'chakuti dzanja limakana kutaya ngakhale waya wothothoka. Mtima umati, "mwina tsiku lina." Si ine ndekha. Pa kafukufuku amene anasindikizidwa mu 1990, akatswiri ofufuza Daniel Kahneman, Jack Knetsch ndi Richard Thaler anapatsa ophunzira ena makapu, kenako n'kuwafunsa mtengo woti awagulitsire. Eni makapuwo ankafuna ndalama zowirikiza pafupifupi kawiri poyerekeza ndi zimene anzawo opanda makapu ankafuna kulipira. Chinthu chikangokhala chako, chimakwera mtengo m'maso mwako. Ndiye tsopano ndikagwira chinthu ndimadzifunsa kuti, chikanakhala kuti si changa, kodi ndikanapita kukachigula lero? Funso limeneli lachotsa zambiri.

Mapepala sanandivute. Zikalata za kubadwa, masetifiketi a sukulu ndi mapangano a nyumba zalowa mufayilo imodzi. Malisiti ofufutika ndi timabuku ta zipangizo zimene tilibenso, zapita.

Pamene ndaima ndi pa juzi ya malemu amayi anga. Inatulukira pansi pa katoni ya mapepala, yobiriwira, yothothoka pachigongono chakumanja, pomwe ankatsamira akamasoka. Sindingaivale, yandichepa. Aliyense wowerengera katundu anganene kuti ichoke. Ndinakhala nayo pamiyendo mpaka dzuwa kupendeka, kenako ndinaichapa, n'kuipinda, n'kuipatsa malo akeake pashelefu ya pamwamba.

Apa m'pamene ndikusiyana ndi anthu ena okonda kukhala ndi zochepa. Alipo amene amavala zinthu 33 zokha kwa miyezi itatu, motsatira Project 333 ya Courtney Carver, ndipo ndimawalemekeza. Koma zithunzi zija za zipinda zoyera mbee, mpando umodzi ndi duwa limodzi, sizindikoka mtima. Kutaya chinthu uli ndi chikhulupiriro choti ukachifuna ukagula china n'kosavuta kwa amene ali nazo ndalama. Amene anakula akusunga botolo lililonse ndi batani lililonse sanali osokonekera mutu, ankadziwa kusowa. Chimene ine ndikufuna si nyumba yopanda kanthu, koma yoti ndikafuna sizasi ndiipeze osagubuduza madilowa, ndiponso yoti juzi ya amayi isakwiririke pansi pa malisiti.

Zina ziwiri mwachidule. Katundu wa amuna anga sindikumukhudza. Sabata yoyamba ndinataya magazini awo akale osawafunsa, ndipo zinawapweteka kwambiri. Ndinapepesa, sindidzabwerezanso. Chachiwiri, zopatsa ena ndikuyamba ndazichapa ndi kuzisoka. Chong'ambika chosatheka kukonza ndikuchisandutsa chokolopera, osati kusenzetsa mnzanga zinyalala zanga.

Mahang'ala onse ndawatembenuza kuti ayang'ane kumbuyo. Chovala ndikachivala, hang'ala yake ndiibweza bwino, ndipo pakatha miyezi itatu ndidzaona amene sanasunthe. Sabata yamawa ndi ya zithunzi, makatoni awiri. Ndamuitana mng'ono wanga kuti tidzatsegule limodzi, chifukwa zambiri mmenemo ndi zakenso.